Nyali zikayaka pa dashibodi tisathamangire kugula kompyuta ya galimoto

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za chizolowezi chimene chafala m'magalaja ambiri, makamaka pa galimoto zimene timaitanitsa kuchokera ku Japan monga Toyota Vitz, Sienta ndi Honda Fit. Nyali za ABS (dongosolo loletsa matayala kukhutha pomanga mabuleki), airbag, chiwongolero ndi check engine zikangoyaka pakamodzi, makaniko amalumikiza makina a diagnosis, amene amaonetsa makhodi oloza vuto la galimoto, ndipo akaona khodi yoyamba ndi chilembo U amagamuliratu kuti kompyuta yapsa, mwini galimoto akasake ina.

Chigamulo choterechi nthawi zambiri chimakhala chopupuluma. Galimoto zamakono zili ndi timakompyuta tambiri timene timatumizirana mauthenga kudzera pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN, ndipo khodi ya U imangonena kuti kamodzi mwa ito kasiya kumveka. U0100 imaloza kompyuta ya injini, U0121 imaloza ya ABS, pamene U0155 imaloza dashibodi yeniyeniyo. Koma foni ya munthu ikapanda kupezeka sitiyamba kukonza maliro, chifukwa mwina yangotha moto.

Choyamba kupima ndi batire. Batire yabwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pafupifupi 14 injini ikulira, ndipo batire yofooka imatha kugwetsa magetsi poliza galimoto mpaka timakompyuta tingapo n'kuzima kwa kanthawi, n'kusiya makhodi ambirimbiri. Kenaka makaniko aone mafyuzi ndi mawaya a earth, amene amachita dzimbiri pamene amangidwa ku chitsulo cha galimoto.

Kupima kumene ndimadabwa kuti ambiri amakudumpha n'kosavuta. Soketi ya OBD, polumikizira makina a diagnosis, imene ili pansi pa chiwongolero, ili ndi mapini 16, ndipo pa galimoto zambiri mawaya a CAN amafikira pa pini 6 ndi pini 14. Mukachotsa batire n'kuika mita yopimira zamagetsi pakati pa mapini awiriwa, iyenera kuwerenga ma ohm pafupifupi 60. Ikawerenga 120 ndiye kuti waya waduka penapake kapena pulagi ina yamasuka, ndipo ikayandikira 0 ndiye kuti mawaya awiriwa akukhudzana. Olakwa amapezeka kuti ndi makoswe amene atafuna mawaya, madzi a mvula amene alowa m'mapulagi, kapena munthu amene anasenda waya wosayenera poika wailesi, alamu kapena tracker.

Kufufuta makhodi, kumene ena amalipiritsa ngati ntchito, sikuchiza chilichonse, ndipo choipa kwambiri n'chakuti kumachotsa umboni umene makaniko wina akanayambirapo. Pali nthawi zina pamene kompyuta imafadi, koma zimenezi zitsimikizike pokhapokha zitaoneka kuti magetsi, earth ndi mawaya a CAN zonse zikufika bwinobwino pa pulagi yake. Choncho ndikupempha eni galimoto kuti asanatulutse ndalama, aziuza makaniko awalembere makhodi onse papepala ndiponso awaonetse zimene mita yawerenga pa batire ndi pa mapini 6 ndi 14.

Wowerenga wanu,
Lilongwe