Za matenda a mng'ono wanga uja

Mnzanga wapamtima,

Pepa ndakhala zii miyezi yonseyi, ndinali pa chipatala ndi mng'ono wanga uja unkamubereka ali khanda. Zinayamba ngati chimfine, mutu ndi kutentha thupi basi, koma patatha sabata ziwiri mwana anasiya kugona, kumangoyankhula zosamveka, kuona anthu oti palibe, tonse tinangoti mutu wasokonekera. Kenako anayamba kugwa ngati wakhunyu, pakamwa kumangotafuna mulibe kanthu, mpaka anasiyiratu kuyankhula. Ndimamugwira dzanja iye kumangondiyang'ana ngati mlendo, iwe ndinalira.

Sikani ya MRI, yojambula mkati mwa mutu, inatuluka bwinobwino. Chinatipulumutsa ndi dokotala wina amene anati amupope madzi a pamsana akayezedwe, ndipo mmenemo anapezamo ma antibody, asilikali a mthupi aja, oti mmalo molimbana ndi tizilombo akumenya puloteni ya mu ubongo wake womwe yotchedwa NMDA receptor. Puloteni imeneyi imakhala pomwe maselo a ubongo amapatsirana mauthenga, ndi imene imathandiza kuphunzira ndi kukumbukira, ndiye asilikali aja akaimatirira selo imaikokera mkati, mauthenga osadutsanso bwino. Koma maselowo sikuti afa ayi, nchifukwa chake munthu amatha kubwerera mwakale. Matendawa, otchedwa anti-NMDA receptor encephalitis, anawafotokoza mu 2007 dokotala Josep Dalmau ndi anzake ku University of Pennsylvania ku America, dzulodzuloli, ndiye mtima umandipweteka ndikaganiza za odwala akale omwe anangotchedwa amisala.

China chomwe chinandizunguza mutu, anamupeza ndi kachotupa kotchedwa teratoma pa thumba la mazira, ndipo mkati mwa kachotupako mumakhala timaselo tofanana ndi ta ubongo. Thupi polimbana nako limasokonezeka nkuyamba kumenyanso ubongo weniweniwo. Anakachotsa pa opaleshoni, anamupatsa ma steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, ndi IVIG, asilikali otengedwa mmagazi a anthu ena, pa dilipi, zitachedwa kusintha anawonjezera rituximab, mankhwala ochepetsa maselo opanga asilikali osokonekera aja.

Pano akuyenda, akudya yekha, koma kuiwala kudakalipo, dzulo wandifunsa katatu kuti lero ndi lachingati. Kuchira kwake nkwa pang'onopang'ono, kafukufuku wa 2013 wa odwala 577 anapeza kuti 81 pa 100 alionse anali atapeza bwino patatha zaka ziwiri, ndiye tikudekha.

Dzina lako walikumbukira yekha mmawa uno. Utiimbire Loweruka madzulo akuone pa foni, ungoyankhula naye mofatsa, amatopa msanga.

Ndine mnzako wa nthawi zonse