Kalata kwa mwana wanga wa ku Tete

Mwana wanga,

Landira moni kuchokera kuno ku Ulongwe. Tonse tili bwino. Mwendo wa abambo ako uja wayamba kulola, ndipo kachewere wa kudimba tamaliza kukumba. Ndikukhulupirira kuti dzuwa la kwanuko silinakufooketse, paja mwezi uno ku Tete ngakhale mphepo imene imawotcha.

Ndinkafuna tikhale pansi awiri ndisanabwerere, koma usiku womaliza anzako anachoka mochedwa ndipo m'mawa chapa, minibasi ija, sinadikire. Pa foni ndimaiwala zina, ndiye ndati ndilembe.

Anzako aja ndawakonda, ndipo usawataye. Amuna ndi akazi amene angathe kukhala pakhonde mpaka pakati pa usiku, kutsutsana kwambiri koma osatukwanana, mawa lake n'kubweranso, sapezekapezeka. Ndinamva zonse ngakhale ndinali m'nyumba: za mphoto za mafilimu, za oyimba, za maukwati, za imvi, za msonkho wa munisipiyu, khonsolo ya mzinda. Ndipo iwe umayankhula bwino, mwana wanga, anzako amakumvera. Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti ndinaona mawu ako akutentha pa nkhani zimene sungazisinthe, koma nkhani ikafika pakhomo pako weniweni umaseka pang'ono n'kunena kuti "tidzaona". Mawu amenewa ndinawamva pa za msonkho, ndinawamvanso pa za mayi wa mwana wako.

Za mphoto za Oscar munakangana mpaka tiyi anazizira. Sindikuletsa, kukonda luso la anthu ena si tchimo. Koma dziwa kuti amene amavota kumeneko ndi anthu pafupifupi 10,000 a ntchito za mafilimu, ambiri a iwo ali ku America, ndipo amasankha mwa zimene zafika m'maso mwawo. Dziko ngati lathu limaloledwa kutumiza filimu imodzi yokha pa chaka ku mphoto ya mafilimu a mayiko akunja. Mozambique inatumizako koyamba mu 2017, filimu ya Licínio Azevedo yonena za sitima yochoka ku Nampula kulowera ku Malawi nthawi ya nkhondo, amayi atanyamula mchere kuti akasinthe ndi shuga. Sinalowe m'gulu lomaliza. Nditafunsa m'mawa ngati wina mwa inu anaionera, palibe ndi mmodzi yemwe. Zimenezi zinandipweteka, chifukwa njala ya shuga ndi sopo ija ife tinaiona ndi maso, ndipo mlongo wako wamkulu anabadwira ku Dedza tili othawa nkhondo. Ife tili achitsikana, dziko litangolandira ufulu mu 1975, boma linkayendetsa kanema wa Kuxa Kanema pa galimoto, usiku n'kupachika nsalu yoyera pabwalo. Anthu ankakhala pansi kuona nkhope zonga zawo, alimi ndi ana asukulu a m'zigawo zina za dziko lomweli. Ifunefune filimu ya sitima ija, muionere limodzi ndi anzako, kenako mukangane za iyo. Pamenepo mudzakhala mukuweruza chinthu chimene mukuchidziwa kuposa ovota a ku Los Angeles.

Pa nyimbo ndinagwirizana ndi mnzako wa ku Moatize uja amene ankati kutchuka ndi luso ndi zinthu ziwiri. Tonse kuno tinakula tikumvera wailesi ya ku Malawi, ndipo Giddes Chalamanda tinkamudziwa kalekale. Anabadwa mu 1930, anayimba moyo wake wonse ndi gitala wosalira zambiri. Dziko lonse linadzamumva ali ndi zaka 90, mu 2020, pamene Patience Namadingo anapita kukakhala naye pansi n'kuyimba naye. Luso linalipo zaka zonsezo, chimene chinkasowa ndi wachinyamata woti apite. Iwe ukukhala pakati pa Anyungwe. Kodi unapitapo kukaona nyanga, amuna akuvina mozungulira, aliyense akuwuzira zitoliro zake za bango, mawu a wina n'kulowa pamene a mnzake alekezera? Pita nayo foni yako yabwinoyo, upemphe chilolezo kwa eni ake, ujambule, uwasiyirenso kanthu.

Tsopano za msonkho, pamene ndinakumva ukunena kuti ulibe mbali. Mnzako wamtali uja ankati palibe chifukwa cholipira pamene misewu ya m'mabairo, madera okhalamo anthu mumzinda, ili maenje okhaokha, zinyalala zili mbwee, malasha akutuluka pa sitima usana ndi usiku kupita ku Nacala ndi ku Beira. Mtsikana wa kubanki uja ankati osalipira alibe pakamwa podandaulira. Onse awiri ali ndi mfundo, koma ankasakaniza misonkho iwiri yosiyana, ndipo iwe amene unaphunzira za ndalama ukanawamasulira.

Msonkho wa migodi supita ku munisipiyu. Umapita ku boma lalikulu ku Maputo, ndipo malamulo anaika kuti 2.75 pa 100 iliyonse ya msonkho wa zokumbidwazo izibwerera kwa anthu a m'madera amene muli migodi. Kufunsa kuti ndalama imeneyo yachita chiyani ku Cateme, kumene mabanja anasamutsidwira kuti malasha akumbidwe, ndi funso loyenera, koma loti lipite kwa akuluakulu a boma a ku distiritu ndi ku provinsiya. Munisipiyu ili ndi yakeyake. Pali IPA, msonkho wa pamutu, umene amalipira aliyense wokhala mumzinda wa zaka kuyambira 18 mpaka 60. Pali IPRA, wa nyumba, umene ndi 0.4 pa 100 ya mtengo wa nyumba yogonamo ndi 0.7 pa 100 ya nyumba ya malonda. Palinso wa galimoto, ndi tindalama tija amayi amsika amapereka tsiku ndi tsiku kuti ayale tomato wawo. Ndalama zimenezi pamodzi ndi zimene boma lalikulu limatumiza ndi zimene zimayenera kuzula zinyalala, kukonza ngalande ndi kukwirira maenje.

Ndikumvetsa chifukwa chake mawu oti msonkho amawawa m'kamwa mwathu. Agogo ako aamuna ankasimba za nthawi ya Apwitikizi, pamene munthu wolephera kulipira msonkho wa nyumba ankamangidwa n'kupita naye ku chibalo, kukakumba misewu popanda malipiro oyenera. Mabanja ambiri a kuno ku Angónia anawolokera ku Nyasalande chifukwa cha zimenezo, ndi chifukwa chake tili ndi abale ku Ntcheu mpaka lero. Msonkho umenewo unali wa mbuye kwa kapolo, ndipo palibe amene akanayerekeza kufunsa kumene ukupita. Wa lero ndi wosiyana pa chinthu chimodzi chokha, koma chachikulu: wolandirayo mumamusankha nokha. Tete ndi Moatize akhala akuvotera atsogoleri a mizinda yawo kuyambira 1998, ife kuno ku Ulongwe tinayamba mu 2008, ndipo mavoti amabwera zaka zisanu zilizonse. Bajeti ya mzinda imavomerezedwa ndi asembleya ya munisipiyu, ndipo misonkhano yake ndi yapoyera, munthu wamba atha kulowa n'kukhala pansi kumvetsera. Mwa anzako onse aja, ndani anayamba wapitako? Akuluakulu anati chetechete sautsa nyama. Kudandaulira pakhonde, ngakhale mokweza bwanji, kwa amene ali mu ofesi kumakhala chete ndithu, chifukwa sikuwafika.

Ndiye lipira, mwana wanga, ndipo usachoke popanda lisiti. Ndimanena izi chifukwa ndinagulitsapo pamsika wina nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo panali wotolera wina amene ankalandira ndalama n'kumati mapepala atha, abweretsa mawa. Amayi ankaopa kufunsa poti angawachotse pamalo. Titagwirizana tonse kuti popanda kapepala palibe kupereka, mapepala anayamba kupezeka. Amayi aja ambiri sankadziwa kuwerenga. Inu mumadziwa, muli ndi mafoni, wina ali kubanki, wina ndi namwino, wina amayendetsa makina ku mgodi. Lembani kalata imodzi ya bairo yanu, munene ngalande yake ndi msewu wake, musayine mayina anu enieni, mukaipereke n'kutengako chidindo chosonyeza kuti yalandiridwa. Mwina sayankha msanga. Mukabwererenso ndi chidindo chomwecho m'manja.

Nkhani imene yandisowetsa tulo kwambiri ndi ya mayi wa mwana wako. Ndinamva mmodzi wa anzako akuti ukwati ndi pepala chabe, chikondi chikakhalapo zina zonse ndi zokondweretsa makolo. Anthu anaseka, nawenso unaseka. Mayi wa mwana wakoyo anali kukhitchini akutsuka makapu a alendo ako, ndipo anamva. Ine ndinali naye pomwepo, ndinaona nkhope yake. Sananene kanthu, ndipo ndi mwana waulemu sanganene kwa ine.

Mwakhala limodzi mpaka mdzukulu wanga wayamba kuyenda, koma kwawo ku Zóbuè sitinapiteko ngati banja. Amalume ake sakudziwa amalume ako. Ukuganiza kuti ankhoswe ndi a tsiku la chikondwerero, koma ntchito yawo yeniyeni imabwera tsiku loipa. Mukadzayambana kwambiri, ndipo mudzayambana chifukwa palibe banja losagundana, iye adzathawira kwa yani amene ali ndi mphamvu yokuitanitsa iwe? Akadzadwala mwakayakaya, ndani adzanyamule uthenga kupita kwa amayi ake mwa mwambo wake? Ndipo pali china chimene mayi safuna kuchitchula kwa mwana wake koma ndichitchula. Ntchito yako ndi ya pamsewu, ndipo msewu wa Zóbuè ndi malole ake umaudziwa. Zitati zachitika, Mulungu atalikitse, ndaona ndi maso anga akazi akutulutsidwa m'nyumba imene anamanga nawo, abale a mwamuna akunena kuti sitikumudziwa, anali chibwenzi chabe. Ine ndi abambo ako sitingachite zimenezo, koma ife sitidzakhalapo mpaka kale, ndipo mtundu ndi waukulu. Lamulo la mabanja la dziko lino limavomereza ukwati wa ku boma, wa kutchalitchi ngakhale wa mwambo, bola ukalembetsedwe ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembera maukwati. Pepala limene mnzako akulipeputsalo ndi limene lidzayankhulire mkaziyo ndi mwana pamene iwe sungathe kuyankhula.

Sindikukukakamiza phwando. Za maholo, magalimoto ondondozana ndi zovala zofanana, zimenezo ndi zimene zimakuopsezani achinyamata mpaka kuzengereza zaka. Chinkhoswe chimatheka ndi nkhuku, ufa ndi anthu ochepa a mbali ziwiri. Ndipo ngati mumtima mwako muli kukayika za iye, umuuze zoona tsopano akadali ndi mphamvu zoyambiranso, osamusunga m'nyumba ndi "tidzaona". Koma ine mmene ndinakuonerani, sindikuona kukayika. Ndikuona munthu amene wazolowera kuti zinthu zili bwino mmene zililimu, poti kwa iye mwini zilidi bwino.

Za ukalamba ndinena mwachidule, chifukwa imvi ziwiri zimene mnzako ankadandaula nazo si ukalamba. Ukalamba ndi tsiku limene thupi lakana ntchito koma mimba ikufunabe nsima. Mwaona nokha mmene ntchito za ku Moatize zimayendera: kampani ya Vale inagulitsa mgodi wa malasha n'kuchoka mu 2022, ndipo makontirakiti amatha pamene munthu sakuyembekezera. Pita ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni, ukaone ngati ndalama imene amakudula pa malipiro ikufikadi m'dzina lako mwezi ndi mwezi, chifukwa penshoni yonse imafuna miyezi 240 yopereka, ndipo mwezi umene sunalembedwe suwerengedwa. Umuuzenso mayi wa mwana wako kuti ngakhale wochita geni yake atha kulembetsa n'kumapereka yekha. Ndipo malo aja abambo ako anakusonyeza ku Dómuè usawanyoze poti uli mumzinda. Dzalapo mitengo chaka chino mvula ikayamba, mng'ono wako adzaiyang'anira.

Ndayankhula kale ndi amalume ako. Akuti ali okonzeka kupita ku Zóbuè mvula isanagwe, chifukwa ikangoyamba aliyense amakhala kumunda ndipo sangachoke. Chimene akufuna kwa iwe ndi dzina la amalume a mkaziyo, mudzi wawo, ndi Loweruka limene ungapeze mpata kuntchito. Uyambe wakhala naye pansi mwini wakeyo, umufunse ngati akufuna, ndipo umve yankho lake mpaka amalize. Ukatero undiyimbire.

M'thumba limene ndapatsira dalaivala wa chapa muli kachewere, nyemba ndi mapichesi ouma a mdzukulu wanga. Nyembazo ugawireko mnzako wa ku Moatize, anati amazikonda. Abambo ako akuti moni, ndipo akufunsa ngati mankhwala opaka aja unawapeza.

Ndine mayi ako.