Kalata kwa mwana wanga amene anamuika kawaya mumtima

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tadzuka bwino, kaya iwe ndi ana ku Joni kumeneko. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula pakamwa, ndipo nkhani iyi ndikufuna uiwerenge utakhala pansi.

Mpongozi wanga wandiuza kuti wayamba kudumphitsa mapiritsi amene anakupatsa potuluka m'chipatala, ati chifukwa ukupeza bwino ndipo madokotala anakonza kale mtimawo. Usamukalipire, wachita bwino kundiuza. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, ndiye ndimvere.

Mtima umapopa magazi a thupi lonse, koma nawonso umadya kudzera m'mitsempha yakeyake ing'onoing'ono imene inayanga pamwamba pake. Kwa zaka zambiri mafuta amaunjikana m'makoma a mitsempha imeneyi, munthu osamva kanthu. Tsiku lina pamene panaunjikana mafutapo pamang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Mnofu wa mtima umene umadalira mtsemphawo umayamba kufa, ndipo umene wafa sumeranso. Chimene unkati ndi chilungulira usiku uja chinali chimenechi.

Zimene anakuchita zija, kulowetsa kachubu pamkono mpaka kukafika kumtima, kufufumitsa kabaluni potsekekapo ndi kusiyapo kawaya kolukidwa kamene amati stent, zinafika patali. Mu 1929 dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, anadzilowetsa yekha kachubu mumtsempha wa pamkono mpaka mumtima mwake kuti aonetse kuti n'zotheka. Andreas Grüntzig ndiye anayamba kutsegula mtsempha wa mtima wa munthu ndi kabaluni, ku Zurich mu 1977. Koma mitsempha yambiri yotsegulidwa chonchi inkathinanso pakapita miyezi, n'chifukwa chake mu 1986 anayamba kusiyamo kawaya koti kazichirikiza. Kawayako kanabweranso ndi vuto lake. Ndi chinthu chachilendo m'thupi, ndiye magazi amakonda kuundana pamene kali mpaka thupi litakakuta ndi khungu lake la m'kati. Asipilini ndi clopidogrel amene ukudumphitsawo ntchito yawo ndi yoletsa zimenezi, ndipo munthu amene mtsempha unamutsekeka ngati iwe kawirikawiri amamwa onse awiri chaka chathunthu. Ukawasiya msanga, kawayako kakhoza kutsekeka mwadzidzidzi, tsiku lomwe ukudzimva wamphamvu.

Asipilini usamuderere poti ndi wotchipa. Mu 1988 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa ISIS-2, wa odwala 17,187 amene anafika m'zipatala za mayiko osiyanasiyana akuganiziridwa kuti mtsempha wa mtima watsekeka. Asipilini yekha anapulumutsa pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amene akanamwalira m'masabata asanu oyamba. Ataphatikiza ndi jakisoni wosungunula magazi oundana, wa streptokinase, imfa zinatsika ndi 42 pa 100 alionse. Kapiritsi komwe timagula pagolosale kaja!

Tsono nali gawo limene ndikufuna ulisinkhesinkhe. Madokotala ambiri ankaganiza kuti mtsempha uliwonse wothina ukangoikidwa kawaya, munthu watetezeka. Anakaziyesa. Kafukufuku wa COURAGE, wa ku America ndi Canada, amene anatuluka mu 2007, anatenga odwala 2,287 a mitsempha yothina koma amene sanali pangozi ya nthawi yomweyo. Ena anawaika kawaya n'kuwapatsanso mankhwala, ena anangowapatsa mankhwala ndi uphungu wa kadyedwe. Patapita zaka, omwalira ndi otsekeka mitsempha anali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Kafukufuku wina wamkulu kuposa uyu, wa ISCHEMIA, wa anthu 5,179, anadzapezanso zofanana mu 2020.

Usandimve molakwika. Iweyo mtsempha unali utatsekekeratu, ndipo pamenepo kawaya ndi kamene kanapulumutsa moyo wako. Pa zimenezo palibe wotsutsa. Koma kawaya kamakonza malo amodzi, pamene matendawo ali m'mitsempha yonse. Ukachotsa matope pamalo amodzi m'ngalande ya kudimba, madzi amadutsa lero, koma ngati dothi likukokolokabe kumtunda, mawa patsekeka pena. Mapiritsi otsitsa mafuta m'magazi, amene amati statin, ndi a BP aja, ndiwo akuteteza mitsempha yotsalayo. Amenewo si a chaka chimodzi ayi, konzekera kukhala nawo moyo wako wonse.

Fodya ndiye sindikunyengerera, siya. Ndikudziwa kuti anzako a kuntchito amasuta ndipo kukana kumavuta, koma palibe piritsi limene lingapikisane ndi ndudu pakamwa. Mchere wothira pambale uchepe, nyama yonona yootcha ya Loweruka lililonse ija ichepe, uziyenda pansi tsiku lililonse monga anakuuzira, ndipo akayeze shuga.

Mutu kapena msana ukapweteka, Panado akwanira. Brufen ndi diclofenac usamwe osafunsa dokotala, chifukwa akakumana ndi mapiritsi akowo akhoza kukutulutsa magazi m'mimba. Mabotolo a zitsamba amene amati amatsuka magazi aja usayandikire, ngakhale akupatse ndi wachibale. Ukaona chimbudzi chakuda bii, kapena magazi a m'mphuno osaleka, pita kuchipatala tsiku lomwelo, koma kusiya mankhwala asankhe ndi dokotala, osati iwe. Ngakhale wozula mano umuuze zimene ukumwa.

Ululu uja ukadzabweranso, kaya ndi kulemera pachifuwa, kaya wapita kunsagwada kapena kumkono, thukuta lozizira, mseru, kubanika, usadikire kuti kuche. Itanani ambulansi, ndipo galimoto usayendetse wekha. Zipatala zimene zili ndi zida zimayesetsa kutsegula mtsempha pasanathe mphindi 90 wodwala atafika, koma nthawi yambiri imatayikira kunyumba, munthu akumwa madzi a soda n'kumati ndi mpweya wa m'mimba. Akazi ako adziwe nambala yoimba, ndipo mwana wako wamkulu uja adziwenso.

Za ulendo wa Disembala, ndikufuna ubwere, adzukulu anga ndawasowa. Koma uyambe wafunsa dokotala wako ngati wakulola ulendo wautali wa basi. Utenge mapiritsi okwanira masiku onse ndi ena apadera m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi kalata ya kuchipatala ndi pepala la ECG loonetsa kagundidwe ka mtima lija, chifukwa kuno kumudzi clopidogrel sangapezeke pafupi. Achimwene ako ndi alongo ako ndawauza kale akayezetse BP, shuga ndi mafuta, poti matendawa amatsata mtundu ndipo malemu bambo ako BP inawavutitsa.

Undiyankhe ukawerenga, ndipo unditumizire chithunzi cha mapaketi a mankhwala onse ndione mayina ake. Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi ana.

Ndine,
Mayi ako