Kalata yochokera ku Joni

Aise Mavuto,

Kalata yako yandipeza Loweruka, pamodzi ndi kathumba ka usipa kamene unawapatsira a Phiri. Kafika katatsala theka, koma tisawanene, njira ya ku Mwanza, Tete mpaka Beitbridge ndi yaitali.

Wafunsa za moyo wa kuno. Ndiyambe ndi manyazi amene ndinawaona pa Bree, pokwerera matakisi, maminibasi a kuno. Ndinathamangira mpando wakutsogolo wa takisi ngati mmene tinkalimbiranira mu Limbe, osadziwa kuti kuno kulibe kondakitala. Wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye wotolera ndalama! Titangonyamuka, marandi anayamba kundigwera paphewa, uyu akuti awiri, uyo akuti atatu, zonse m'Chizulu. Paja iwe ukudziwa kuti masamu anandikana ndili Sitandade 5. Thukuta kamukamu, chonsecho ndi mu June, kuzizira kosanena. Powerengera inasowa R2. Dalaivala anangoima pambali n'kuzimitsa galimoto, takisi yonse zii, maso onse pa ine. Ndinapisa m'thumba mwanga. Mpaka lero ndimalota ndikuwerenga makobidi, ndipo ndikafa msanga udzawauze kumudzi kuti mnzanu anapita ndi R2.

Poimitsa takisi sukuwa, umalankhula ndi zala. Chala chimodzi kuloza kumwamba ndiye kuti wa m'tauni. Palibe wokukoka malaya kapena kukulanda chikwama akukuwa kuti Ndirande, Ndirande. Anyamata oitanira aja ndinkawatukwana, lero ndawasowa. Foni m'tauni muno sutulutsa chisawawa. Mipanda yaitali, mawaya amagetsi pamwamba, moti woyandikana naye nyumba ndimangomudziwira kutsokomola.

Magwinya awo ndi mandasi athu omwewa, kungoti onenepa. Koma tchipisi cha pachiwaya, chothira kabichi ndi kambuzi, utaimirira fumbi likukuwaza, chimenecho usandikumbutse.

Eya, ntchito ija ndinaipeza, yosamalira maluwa ku Randburg. Za maliro a agogo ake a Chikondi ndinamva mochedwa. Usiku umenewo tulo sindinatione. Kwathu bwenzi tikuchezera pasiwa, moto uli pakati, amayi akuimba m'nyumba. Ine ndinangokhala pabedi nditavala jekete. Upite ukandipepesere, usangotuma mwana.

A Nabanda uwauze asade nkhawa ndi ya malata ija, mwezi ukatha ndiona chochita. Koma usawauze za R2, angayese kuti ndiyamba kuwadula. Pepala latha, zala nazo zauma ndi mphepo, ndipo nkhani ya njinga yanga imene unabwereketsa kwa