Lipoti la msonkhano wa ku Kanengo pa za mamota otaya magetsi

A Wapampando ndi amisiri anzanga,

Munandituma ku msonkhano wa amisiri a zamagetsi ku Kanengo, ndipo nazi zomwe ndabwera nazo. Tinakambirana za mota yomwe magetsi ake akuthawira ku chitsulo chakunja, buleka n'kumagwa ukangoyatsa. Mfundo yomwe yandigwira mtima ndi yoti mamota ena omwe timati apsa, n'kuwanyamula kukawayinditsa, amakhala sanapse n'komwe.

Otiphunzitsa anayamba ndi chitetezo. Zimitsani, khomani loko pa aisoleta (swichi yodulira magetsi opita ku mota), kiyi akhale m'thumba mwanu. Kenaka masulani kebulo pa mota kuti chilichonse chiyezedwe pachokha, chifukwa nthawi zina vuto limakhala mu kebulo yomwe makoswe adya kapena yanyowa m'ngalande. Ngati mota ikuyendera VFD (chipangizo chosinthira liwiro la mota), chotsani kaye VFD-yo, apo ayi Megger (mita yoyezera mphamvu ya zotchinga za mawaya) iiwononga. Chotsaninso malinki a star kapena delta (tizitsulo tolumikiza mateminolo a mota) kuti fezi iliyonse iyezedwe payokha.

Pa kayezedwe tinakhalitsa. Mota ya 400V imayezedwa ndi Megger ya 500V, pomwe ya 11kV imafuna pakati pa 2500V ndi 5000V. Malinga ndi IEEE 43, muyezo wa kayezedwe ka zotchinga za mawaya a mota, mota yaing'ono ya mawaya ozungulira isatsike pa ma megaohm 5, ndipo yaikulu ya makoyilo owumbidwa, yopangidwa 1970 itadutsa, isatsike pa 100. Koma nambala imodzi siikwana. Siyani Megger iyende mphindi 10, ndipo zomwe yawerenga pamapeto muzigawe ndi za mphindi yoyamba. Yankho likachepera 2, mkatimo muli chinyezi kapena litsiro. Lembaninso kutentha kwa mota, popeza ikatentha ndi madigiri 10 ena nambala ija imatsika pafupifupi ndi theka. Mukamaliza, lumikizani mawayawo ku ethi kwa nthawi yotalika kanayi kuposa yomwe munayezera. Mota yaikulu imasunga magetsi ndipo ikhoza kupha munthu, choncho apa pasakhale kufulumira.

Anatitsegulira mota ya pampu yomwe eni ake anali ataitaya kale mtima. M'bokosi la mateminolo munali timadontho ta madzi, mabauti achita dzimbiri, ndipo pa bolodi panali kamzere kakuda ngati kolemba ndi khala, kochokera pa teminolo imodzi kukafika pa chitsulo. Apo ndi pomwe magetsi ankadutsa. Atasintha bolodi ndi labala wa chivindikiro, n'kuumitsa makoyilo, singano ya Megger inakwera bwinobwino. Ine ndinaganizira mamota a m'mafakitale a fodya, omwe amaima miyezi yambiri ya dzinja fumbi litadzaza mkati. Fumbi limamwa chinyezi. N'chifukwa chake mahita a mkati mwa mota ayenera kuyaka nthawi yonse yomwe mota yaima, osawazimitsa pofuna kupulumutsa mayunitsi.

Mota ikapsadi, fufuzani chomwe chaipsereza. Bering'i ikatha, rota (gawo lozungulira) imakhuza stata (gawo losayenda) n'kusenda mawaya, ndipo mukawayinda osasintha bering'iyo mota ibweranso. Panali mtsutso pa chizolowezi chootcha makoyilo akale ndi moto wa makala kapena gasi. Ena anati uvuni ndi wodula. N'zoona, koma moto wosayezedwa umawononga zotchinga za pakati pa timalata ta stata, ndipo mota yoteroyo imatentha ndi kudya magetsi ambiri mpaka kalekale. Ine ndili kumbali ya okana, ndipo ndikupempha kuti tonse tisiye.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti tisonkhe ndalama tigule Megger imodzi ya 5000V yoti tizibwerekana, komanso mota iliyonse yomwe timasamalira ikhale ndi kabuku kolembamo tsiku, kutentha ndi zomwe tayeza. Mvula isanayambe mu Novembala tikhale titayeza mamota onse a makasitomala athu, ndipo ndine wokonzeka kuonetsa achinyamata athu kayezedweka pa msonkhano ukubwerawu.