Dandaulo pa kanyamulidwe ka anapiye a tsiku limodzi

Ulongué, Angónia

Kwa a Bwana Oyang'anira Malonda,

Ndalemba kalatayi chifukwa mafoni alephera. Anapiye amene munatitumizira mu Okutobala anafika ambiri atafa, otsalawo ali lefuu, ndipo mpaka lero simunabweze ngakhale mmodzi. Malisiti muli nawo.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi yankho la mnyamata wa pakauntala panu ku Tete. Anandiuza anthu akumva kuti, "Madala, nkhuku ndi katundu ngati matumba a feteleza, sizimva kanthu. Mubwerenso mawa." Ndinabweradi, ndalama ya shapa (minibasi) kutuluka m'thumba mwanga, koma ulendo uliwonse ankangoti abwana atuluka.

Bwana, mwanapiye amamva kutentha, ludzu, ululu ndi mantha. Nkhuku situluka thukuta. Ikatenthedwa imayasamula kukamwa, kupuma wefuwefu ndi kutambasula mapiko, ndipo anapiye akamalira mokuwa osalekeza ndiye kuti akuzunzika. Chikasu cha dzira chotsala m'mimba chimawasunga mpaka maola 72 osadya, koma sichiwateteza ku kutentha. Katoni ya anapiye 100 imagawidwa zipinda zinayi za 25, ndipo ili ndi mabowo kuti mpweya uziyenda. Dalaivala wanu anathinanitsa makatoni, kuwafunditsa lona, n'kuimika galimoto padzuwa masana ku Moatize, kumene mwezi umenewo kutentha kumapyola madigiri 40. A m'makatoni apakati anabanika. Opulumukawo anafika miyendo youma, mitsempha ikuonekera, chizindikiro choti madzi anatha m'thupi. Otere amafa sabata yoyamba, kapena amakula mopinimbira ngakhale uwapatse chakudya chabwino.

Kupewa izi sikufuna ndalama. Pakirani usiku kapena m'bandakucha, siyani mpata wolowa dzanja pakati pa makatoni, musatseke mabowo, ndipo galimoto ikaima, iime pamthunzi kwa kanthawi kochepa. Bungwe loona za umoyo wa ziweto padziko lonse la WOAH, limene Mozambique ndi membala wake, lili ndi malamulo a kanyamulidwe ka ziweto pamsewu chifukwa chomwechi, choti chiweto chimamva kuwawa.

Ndikufuna mundibwezere anapiye kapena ndalama mwezi uno usanathe, komanso muwaphunzitse antchito anu. Apo ayi, ine ndi alimi anzanga a kuno ku Angónia tikagula kwina, ndipo nkhaniyi ndikaitula ku ofesi ya ziweto ya boma.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
Mlimi wa nkhuku