Kalata Yochokera ku Harare: Za Zigawenga ndi Mzinda wa Kinshasa

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Ife kuno ku Mbare tili moyo. M'kalata yanu munandifunsa ngati zigawenga za M23, zimene zinalanda mizinda ya kum'mawa kwa dziko la Congo (DRC), Goma mu Januwale 2025 ndi Bukavu mwezi wotsatira, zingathedi kukafika ku Kinshasa, likulu la dzikolo, monga mmene Corneille Nangaa, mtsogoleri wa mgwirizano wa zigawengazo, analengezera. Funso limeneli landikhala pamtima, pakuti ife okhala mu Harare nkhondo yolimbirana mzinda umenewo inatikhudzapo kale, ngakhale kuti mfuti zake zinkalirira kutali.

Maganizo anga ndi akuti likulu siligwa chifukwa cha mphamvu za zigawenga zokha, koma limagwa pamene maiko oyandikana nalo asankha kupinda manja. Pa 17 Meyi 1997 Laurent-Désiré Kabila analanda Kinshasa popanda nkhondo yeniyeni m'misewu, chifukwa Mobutu, amene ankalamulira dzikolo, anali atathawa, asilikali ake anali atataya mtima, ndipo Rwanda, Uganda ndi Angola onse anali kumbali ya oukirawo. Patangotha chaka chimodzi mzinda womwewo unakana kugwa, ndipo nkhani yake ndiyo ndikufuna kukukumbutsani.

Mu Julayi 1998 Kabila anachotsa James Kabarebe, msilikali wa ku Rwanda amene ankatsogolera gulu lake lankhondo, n'kulamula kuti asilikali a Rwanda abwerere kwawo, poiwala kuti wokukweza pampando ndiye amadziwanso mwendo umene ukugwedera. Pa 2 Ogasiti asilikali a Congo a ku Goma anagalukira Kabila. Masiku awiri pambuyo pake Kabarebe analanda ndege zonyamula anthu, n'kuuluka ndi asilikali ake kudutsa dziko lonse mpaka ku Kitona, pafupi ndi nyanja ya Atlantic. Sindimuyamikira munthuyu, koma nzeru yake inali yoopsa: m'malo moyenda miyezi yambiri m'nkhalango kuchokera kum'mawa, anatulukira kumadzulo, analanda doko la Matadi kumene chakudya ndi mafuta a mzindawo zimalowera, kenaka analanda damu la Inga n'kuthimitsa magetsi. Magetsi atathima, makina opopa madzi anaimanso, ndipo anthu mamiliyoni anayamba kuvutika ndi ludzu ndi mdima asanaone n'komwe nkhope ya chigawenga. Ovutika woyamba pa nkhondo yotere sakhala pulezidenti ayi, koma mayi amene ali m'chipatala ndi mwana wobadwa masiku asanakwane.

Chigamulo chopulumutsa Kabila chinapangidwa muno mu Harare, pamene nduna za chitetezo za maiko ena a SADC zinakumana mkati mwa mwezi womwewo. Robert Mugabe, amene ankatsogolera nthambi ya bungweli yoona za ndale ndi chitetezo, anaumirira kuti asilikali apite, pomwe Nelson Mandela ankafuna zokambirana. Zimbabwe, Angola ndi Namibia anatumiza magulu awo. Asilikali a Angola anatulukira ku Cabinda n'kulanda Kitona, motero oukirawo anadulidwa njira yobwerera, ndipo asilikali a Zimbabwe anakhazikika pa bwalo la ndege la N'djili ku Kinshasa. Cha kumapeto kwa Ogasiti nkhondo inafika pabwalo pomwepo, moti ndege zankhondo za mtundu wa Hawk zinkanyamuka mbali imodzi ya bwalolo n'kukaphulitsa adani amene anali mbali inayo. M'madera a Masina ndi Kimbanseke mumzindamo anthu wamba anagwira amene ankawaganizira kuti ndi zigawenga, ndipo ena anawatentha ndi matayala; pakati pawo panali anthu osalakwa amene anaphedwa chifukwa chongooneka ngati Atutsi. Zimenezi okamba za chipambanocho sakonda kuzitchula. Kabarebe anathawira kumpoto kwa Angola, ndipo otsala a gulu lake anatengedwa pa ndege kubwerera kwawo mu Disembala.

Mwina mukukumbukira amayi aja amene tinkakhala nawo moyandikana, amene makolo awo anachokera ku Dedza, ndipo mwana wawo wamwamuna anali msilikali. Madzulo aliwonse ankakhala pakhonde, wailesi ili pamiyendo, akutembenuza kachitsulo kofufuzira masiteshoni, chifukwa ya boma inkangonena za kupambana osatchula maliro. Ndege ikadutsa usiku kulowera ku bwalo la ndege zankhondo la Manyame ankaimirira n'kuyang'ana kumwamba, ufa uli m'manja. Mwanayo anabwerako wamoyo, koma za N'djili sankazikamba ngakhale atamwa.

Mzinda unapulumuka, koma mtengo wake tinaulipira ife. Dola ya dziko lino inali itagwa kale pa 14 Novembala 1997, anthu anali atachita kale zipolowe za kukwera mtengo kwa chakudya mu Januwale 1998, ndiye boma linawonjezera katundu wodyetsa asilikali pafupifupi 11,000 m'dziko la eni mpaka 2002. Kabila mwiniyo anawomberedwa ndi msilikali womulondera pa 16 Januwale 2001, ndipo thupi lake linabweretsedwa kuno ku Harare imfa yake isanalengezedwe.

Tsono pa za M23, ine ndikuona kuti ulendo wa ku Kinshasa ndi wovuta kuposa mmene amalankhulira. Kuchokera ku Goma ndi mtunda woposa makilomita 1,500, ndipo palibe msewu wodalirika wolumikiza mizinda iwiriyi. Komabe chitetezo chimene mzindawo unapeza mu 1998 sichikuonekanso. Asilikali a Malawi, South Africa ndi Tanzania amene SADC inatumiza kum'mawa anataya anzawo pafupi ndi Goma, atsogoleri anakumana muno pa 31 Januwale 2025, ndipo mu Malichi anagwirizana zothetsa ntchitoyo. Choncho mukamamvera nkhani musamatengeke ndi zolengeza za akuluakulu a zigawenga. Muziyang'ana zimene Angola ikuchita, chifukwa damu la Inga ndi doko la Matadi zili pafupi ndi malire ake.

Mundilembere zimene abale athu kumeneko akunena za asilikali a kwathu ku Malawi amene anafera ku Congo, ndiponso ngati mwamvapo za mmene mabanja awo akuthandizidwira. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ine wanu,
Mnzanu wa ku Mbare